Digiri ili ku London, mlandu uli ku Mponela

Mbuzi ndiyo imayamba kupita. Mnyamata akagwidwa ndi apolisi ku Chisepo, kaya ndi pa ndewu ya pamowa, kaya akumuganizira kuti adasolola fodya m'chigafa cha mnzake, abale ake sakhala pansi n'kumafunsana kuti malamulo akuti chiyani. Amathamangira kukhola. Mbuzi imagulitsidwa motchipa kaamba koti wogula waona kale kuti eni ake ali pamoto, ndipo ndalamayo imathera pakabaza, paminibasi, pa chakudya chokapereka kuchitokosi, mwinanso m'thumba mwa munthu wina amene walonjeza kuti akalankhula ndi akuluakulu.

Pofika tsiku la mlandu kubwalo la majisitireti ku Mponela kapena ku Dowa, mayi wake amakhala pabenchi yakumbuyo atavala chitenje chake cha kutchalitchi, osatolapo zambiri pa zimene zikuchitika. Woimira boma pamlanduwo ndi wapolisi amene adaphunzira ntchitoyo. Woweruza akulemba m'Chingerezi. Womasulira akuyesetsa mbali yake. Mnyamatayo ndiye ali yekhayekha, ndipo akauzidwa kuti afunse mboni mafunso, iye amayamba kulongosola momwe zidayambira, monga achitira pabwalo la mfumu, n'kudulidwa pakamwa. Mwayi wake wofunsa umathera pomwepo.

Izi si zachilendo kwa aliyense amene adakhalapo pabwalo la milandu la kumudzi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pagawo 42, amati munthu womangidwa ali ndi ufulu wokhala ndi loya, ndipo pamene chilungamo chikufuna kutero, boma limulipirire loyayo. Papepala zili bwino. Koma boma la Dowa, limene pa kalembera wa 2018 lidapezeka ndi anthu oposa 770,000, nthawi zambiri loya limamuona ngati mlendo wodutsa. Wabwera m'mawa pagalimoto kuchokera ku Lilongwe, waimira amene wamulipira, dzuwa lisanapendeke wabwerera.

Tsiku lomwelo, mu ofesi ina ku City Centre, loya wachinyamata ali pakompyuta kulemba kalata yopempha thandizo loti akachite digiri yachiwiri kunja. Akulemba kuti mtima wake uli pa anthu osauka, amayi amasiye ndi akaidi oiwalika. Mwina sakunama ayi. Ambiri amalemba zochokera pansi pa mtima. Koma ndalama zimene zimatuluka m'dzina la mayi wa pabenchi uja, kodi zimamufika liti mayiyo?

Mwayi wa maphunziro otere ulipo ndithu, ndipo makolo amene ana awo akuchita zamalamulo ku Zomba ayenera kuudziwa. Boma la Britain lili ndi thandizo la Chevening, limene lidayamba mu 1983, lolipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi kwa munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Kuli thandizo la maiko a Commonwealth. Kuli la Beit Trust, limene limayang'ana Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso la Canon Collins Trust limene latumiza ophunzira ambiri a chigawo chino cha Africa kumayunivesite a ku South Africa. Ku America, yunivesite ya Georgetown idayambitsa mu 1993 ndondomeko yophunzitsa maloya a mu Africa olimbikira ufulu wa amayi.

Yodziwika kwambiri pankhani ya ufulu wachibadwidwe ndi ya ku yunivesite ya Pretoria. Kuyambira mu 2000, nthambi yake ya Centre for Human Rights imasankha ophunzira pafupifupi 30 chaka chilichonse kuchokera m'maiko a mu Africa. Theka la chaka amaphunzira ku Pretoria, theka linalo amawamwaza m'mayunivesite ena a mu Africa momwemu. Mphotho imene nthambiyi imapereka kwa amene adaphunzira kumeneko n'kukachita zooneka kwawo idatchulidwa dzina la Mmalawi, mayi Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'dziko muno, amene adakhala m'ndende zaka zoposa khumi mu ulamuliro wa Dr Banda ndipo adatuluka mu January 1993, amuna awo a Orton Chirwa atamwalirira m'ndende ya Zomba miyezi yochepa m'mbuyo mwake.

Wonena kuti maphunziro amenewa ndi opanda phindu ndiye kuti sadatsate bwino nkhani. Mu March 2015, Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo mumzinda wa Blantyre, adagwidwa mbandakucha akupita kumalonda ake ku Limbe. Mlandu wake udali uja wa vakabu, lamulo la atsamunda lololeza wapolisi kugwira munthu pongomuganizira kuti akuyenda ndi zolinga zoipa. Anthu osawerengeka adagonapo m'chitokosi kaamba ka lamuloli, n'kuvomera mlandu kuti alipire chindapusa azipita. Gwanda adapeza loya, a Mandala Mambulasa, amene adaphunzirako ku Pretoria, ndipo mothandizidwa ndi mabungwe a Southern Africa Litigation Centre ndi CHREAA, nkhaniyo idafika kubwalo lalikulu. Pa 10 January 2017 oweruza atatu adagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. A Mambulasa pambuyo pake adasankhidwa kukhala woweruza wa bwalo lalikulu. Naye Justice Redson Kapindu, mmodzi mwa oweruza asanu amene adafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, adadutsa ku Pretoria komweko.

Tsono vuto si ndege kapena chipewa cha digiri. Vuto lili pa zimene zimachitika munthu akatsika ndege ku Kamuzu International Airport, bwalo limene, mwa njira, lili ku Lumbadzi, pakhomo penipeni pa Dowa.

Chevening imalamula kuti wothandizidwa abwerere kudziko kwawo ndi kukhalako zaka zosachepera ziwiri. Lamulolo limathera pamalire a dziko. Silinena ngati kwawoko ndi Victoria Avenue kapena ndi Madisi. Munthu wabwera ndi digiri yake, ali ndi ngongole ya kuyunivesite, azing'ono ake akudikira fizi, makolo akudikira malata. Mabanki akumufuna, makampani akumufuna, mabungwe aakulu a mumzinda akumufuna kuti azikonza misonkhano m'mahotela a ku Salima ndi Mangochi. Mayi wa ku Chisepo naye akumufuna, koma iye alibe choti amulipire kupatula nkhuku. Palibe chifukwa chomunyozera loyayo akasankha kumene kuli malipiro. Aliyense amene adalipirapo lendi angachite chimodzimodzi. Chodandaulitsa ndi choti palibe amene adamuikira njira ina patsogolo pake.

Kumaiko ena adaiona msanga mbuna imeneyi, ndipo adapanga thandizo la mtundu wina. Silitumiza munthu m'kalasi. Limamulipira kuti agwire ntchito. Ku America, kampani ya maloya ya Skadden idayambitsa mu 1988 ndondomeko yopereka malipiro a zaka ziwiri kwa maloya ongomaliza kumene maphunziro amene akufuna kuimira anthu osauka. Wopempha amayamba wapeza bungwe lomusunga, n'kulemba momveka bwino kuti athandiza ndani, kuti, ndipo pa vuto lanji. Ndalamayo imatsata ntchitoyo. Bungwe la Bertha Foundation limachita zofanana m'maiko angapo, kulipirira maloya achinyamata zaka ziwiri m'mabungwe oimira anthu wamba. Ku South Africa, bungwe la Legal Resources Centre, limene Arthur Chaskalson ndi anzake adayambitsa mu 1979, lidaphunzitsa maloya achinyamata powagwiritsa milandu yeniyeni ya anthu ovutitsidwa ndi malamulo a tsankho, ndipo Chaskalson yemweyo ndiye adadzakhala mkulu woyamba wa bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo.

Malawi akufunika thandizo la mtundu umenewu kuposa tikiti ina ya ndege, ndipo umboni wake uli m'dziko momwemuno.

Pa 27 April 2007, pamlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, bwalo lalikulu lidagamula kuti n'kulakwa kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pamlandu wakupha popanda kumva kaye momwe zidakhalira. Chidali chigamulo chachikulu, chotamandidwa mpaka kunja. Chimatanthauza kuti onse amene adalandira chilangocho mwa njira yakaleyo amayenera kubwereranso kubwalo kuti chilango chawo chiunikidwenso. Koma zaka zidadutsa, akaidi ambiri ali chikhalire ku Zomba. Chigamulo chidalipo, koma woti atole mafailo, ena mwa iwo atasowa, padalibe. Woti akwere njinga kukafunsa amfumu, amalume ndi mboni zakale padalibe.

Ntchitoyo idayamba mwamphamvu mu 2015, pamene bungwe la Malawi Human Rights Commission lidagwirana manja ndi Legal Aid Bureau, ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma, bungwe la PASI, Reprieve, yunivesite ya Cornell ndi ena, ndi ndalama zolipirira anthu oyenda m'midzi. Adapeza zimene palibe bwalo lidamvapo: ena adali ana pamene mlandu udachitika, ena adali odwala misala, ena adapha podziteteza, ndipo m'midzi yambiri mafumu adati ndi okonzeka kuwalandiranso. Pomwe ntchitoyo inkatha, akaidi oposa 100 adali atatuluka, ndipo mwa onse amene milandu yawo idamvedwanso palibe amene adapatsidwanso chilango cha imfa. Zaka zisanu ndi zitatu za kudikira sizidachitike kaamba kosowa anthu ophunzira. Chidasowa ndi munthu wolipidwa kuti afike kumudzi.

Nkhani ya vakabu nayo idatero. Chigamulo cha Gwanda chitatuluka, mchitidwe wa apolisi wogwira anthu mwachisawawa usiku sudathe tsiku lomwelo. Mu 2018 anthu ena adatoledwa motero ku Kasungu, ndipo zidatengera mlandu winanso, umene bwalo lalikulu ku Zomba lidagamula mu 2022, kuti zinenedwe poyera kuti kutola anthu ngati ngumbi n'kuphwanya malamulo. Chigamulo cha ku Blantyre kapena ku Zomba sichiyenda chokha kukafika papolisi ya pamsika wakumudzi. Chimafuna wochinyamula.

Nanga loya wolipidwa kukhala zaka ziwiri pa Mponela, kumayendera Chisepo, Madisi, Nambuma mpaka kukwera mapiri a Ntchisi, angachite chiyani tsiku ndi tsiku? Zambiri mwa ntchito zake sizingatuluke m'nyuzipepala. Lolemba m'mawa angadutse papolisi kufunsa kuti ndani wagona m'chitokosi kupyola maola 48 osaonekera kubwalo, pakuti malamulo aakulu amaika malire amenewo. Angakumbutse banja kuti belo ya papolisi ndi yaulere, mbuzi isanachoke m'khola. Angatenge mndandanda wa amene ali pa rimandi ku Maula kapena ku Ntchisi n'kuwerenga masiku, chifukwa kuyambira mu 2010 lamulo limati munthu wa mlandu wa kwa majisitireti asasungidwe masiku oposa 30 mlandu wake usanayambe, ndipo wa mlandu waukulu monga wakupha asapyole masiku 90 popanda bwalo kuvomereza kuwonjezera. Malire amenewa amaphwanyidwa kawirikawiri popanda wofunsa, ndipo ndicho chifukwa china ndende zimadzaza. Bwalo lalikulu lidanena kale mu 2009, pamlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kwa m'ndende za dziko lino ndi nkhanza.

Koma milandu ya kupolisi ndi gawo lochepa chabe la zimene zimasowetsa anthu tulo kudera la fodya. Pali nkhani ya chuma cha masiye. Bambo akamwalira, maliro asanaphwe n'komwe, achibale ena amayamba kuwerenga ng'ombe, ngolo ndi malata. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo. Amayi ambiri lamuloli adalimvapo pawailesi. Chimene alibe ndi munthu woti alembe kalata yokhala ndi chidindo, imene mlamu wolusa angaiwerenge kawiri. Nthawi zambiri kalata yokhayo imakwanira, nkhani osafika n'kubwalo komwe.

Pali nkhani ya malo. Lamulo la 2016 la malo a mafumu, limene lidakonzedwanso mu 2022, lidabweretsa makomiti a malo, kalembera wa minda ya mabanja ndi mabwalo apadera omva mikangano. Wodziwa kulemba ndi kuyenda m'maofesi ndiye amatsogola, ndipo gogo amene walima munda womwewo kuyambira nthawi ya Kamuzu angathe kudzidzimuka tsiku lina kuti dzina lolembedwa si lake. Kufupi ndi kumeneko, ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia idapeza miyala ya rutile yochuluka kwambiri, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto idaikamo ndalama. Palibe cholakwika kuti kampani ikhale ndi maloya ake, ndipo idzakhala nawo aluso. Tsiku lokambirana za chipukuta misozi cha munda, mitengo ndi manda, mlimi naye afunika wina wokhala mbali yake amene wawerenga pepala lonse mpaka m'munsi.

Ndipo pali fodya. Mlimi wa pakontirakiti amasaina kapena kudinda chala pa mgwirizano wa ngongole ya feteleza ndi mbewu, n'kudzaona masamu ake mabelo atagulitsidwa kale ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa mchitidwe wa matenanti m'lamulo la ntchito, koma aliyense wa kumeneko akudziwa kuti lamulo kusintha ku Lilongwe si ndiye kuti pa esiteti zasintha. Chochititsa manyazi pang'ono ndi ichi: mlandu waukulu kwambiri wa alimi a fodya a ku Malawi, umene alimi ndi ana oposa 7,000 adasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial, udatsegulidwa mu 2020 kubwalo la ku London ndi maloya a kampani ya Leigh Day. Makampaniwo akukana milanduyo, ndipo mu 2021 adapempha bwalo kuti liutaye koma lidakana. Ana a dziko lino amapita ku London kukaphunzira, maloya a ku London amabwera kuno kudzafunafuna alimi.

Ena anena kuti ntchito yonseyi ili ndi eni ake kale. Zoonadi, Legal Aid Bureau idayamba ntchito mu 2015 m'malo mwa nthambi yakale imene idali pansi pa unduna wa zachilungamo, ndipo yayesetsa kutsegula maofesi m'maboma. Maloya ake ndi ena mwa anthu olemedwa kwambiri ndi ntchito m'dziko muno. Mmodzi amasenza mafailo ochuluka kuposa momwe munthu angawerengere bwinobwino, ndipo milandu yakupha, imene singayende popanda loya, imadya nthawi yawo yambiri. Akakhwima pantchito, ambiri amakopeka ndi malipiro a kwina. Thandizo la zaka ziwiri silingapikisane ndi bungweli. Lingalipatse manja ena, ndipo loya wachinyamatayo angakhale pansi pa ulamuliro wake kapena wa bungwe lina lodziwika, kuti asamangodziyendera.

Enanso anena kuti alangizi a zamalamulo, aja amawatcha paralegal, ndi otsika mtengo ndipo amakhala ndi anthu. Apa mpovomereza ndi manja awiri. Malawi ndi mphunzitsi wa maiko ena pankhaniyi. Ntchito ya PASI idayamba mu 2000 ndi alangizi ochepa olowa m'ndende kukaphunzitsa akaidi za belo ndi kuvumbulutsa oiwalika, ndipo maiko monga Kenya, Uganda ndi Bangladesh adadzatengerako. Mu 2004 nthumwi za maiko a mu Africa zidakumana ku Lilongwe n'kugwirizana mfundo za thandizo la zamalamulo zimene mpaka lero zimatchedwa dzina la mzindawo. Koma mlangizi ali ndi pothera. Angakonzekeretse munthu, angalondole failo, angayanjanitse mabanja, koma nkhani ikafuna kuchita apilo kapena kukasuma kubwalo lalikulu, pamafunika loya wachiphaso. Mu 2021 padabuka mkangano pamene Legal Aid Bureau idapempha kuti alangizi ake aziloledwa kuimira anthu kumabwalo aang'ono, bungwe la maloya la Malawi Law Society n'kukana ponena kuti osauka nawo akuyenera loya weniweni. Mawu abwino zedi. Koma wonena kuti osauka akuyenera loya weniweni ali ndi udindo woonetsa kumene loyayo ali. Loya mmodzi wokhala pa Mponela, wogwira ntchito ndi alangizi asanu kapena asanu ndi mmodzi omwazikana m'misika, angayankhe mbali zonse ziwiri za mkanganowo.

Mafumu nawo asaope. Milandu yambiri ya kumudzi imathera pansi pa mtengo, ndipo mpofunika kuti izipitirira kuthera pomwepo. Palibe wanzeru amene angafune loya pa nkhani ya nkhuku yodya chimanga cha mnansi. Loya wabwino wa kumudzi amayamba wakapereka moni kwa gogo chalo, amadziwa nkhani zoyenera kubwezera kwa ankhoswe, ndipo amasunga mphamvu zake pa zimene bwalo la mfumu silingathe: munthu wotsekeredwa, mwana wogwiriridwa, munda wolembedwa m'dzina la wina. Zimenezi sizili m'buku la ku Oxford. Zimaphunziridwa pokhala ndi anthu, ndipo wachinyamata amene wazidziwa, akadzapita kunja pambuyo pake, adzapita ali ndi mafunso ake enieni m'malo mokatenga mafunso a eni ake.

Apa ndiye pagona nkhani ina. Bwenzi zili bwino opereka maphunziro akunja akadati zaka ziwiri za kumudzi zikhale khomo lolowera. Pakati pa opempha awiri anzeru zofanana, wina wolemba kuti adzathandiza osauka ndi wina woonetsa mafailo 200 a anthu amene wawathandiza kale, tikiti ipite kwa wachiwiriyo. Kalata yokoma aliyense angathe kulemba, makamaka masiku ano pamene kompyuta ikulembera anthu.

Funso lovuta ndi la ndalama. Kudalira abwenzi akunja kokha n'kumanga nyumba pamchenga, ndipo chaka cha 2025 chidaphunzitsa zimenezo pamene boma la America lidatseka bungwe la USAID, ntchito zambiri n'kuima pakati panjira. Komabe masamu ake si oopsa. M'mayunivesite ambiri odziwika a ku Britain, fizi yokha ya digiri yachiwiri ya zamalamulo kwa mlendo imapitirira mapaundi 20,000, osawerengera ndege, nyumba ndi chakudya. Ndalama yotumizira munthu mmodzi kwa chaka chimodzi ingasunge loya wachinyamata kumudzi kwa nthawi yotalikirapo, ndi njinga yamoto yomwe. Palibe akunena kuti Chevening itsekedwe. Koma akazembe amene amajambulitsa ndi opambana chaka ndi chaka angathe kupatula gawo lochepa loti lizidikira ophunzirawo akabwerera.

Zina zili m'manja mwa Amalawi eni. Lamulo la 2018 loyendetsa ntchito za maloya limafuna kuti loya aliyense agwireko ntchito yaulere kuti chiphaso chake chiwonjezeredwe. Maganizo ake ndi abwino, koma loya wa misonkho kapena wa mabanki amene wapatsidwa failo imodzi ya ku Ntchisi amaigwira ndi zala ziwiri. Kukadakhala bwino makampani aakulu a maloya a ku Blantyre ndi Lilongwe, pamodzi ndi mabanki amene chaka ndi chaka amalengeza phindu la mabiliyoni, akadasonkha thumba limodzi pansi pa Malawi Law Society lolipirira achinyamata asanu kapena khumi pachaka. Skadden si boma, ndi kampani ya maloya. Nalo bungwe loona za ngongole za ophunzira, limene lidakhazikitsidwa mu 2015, lingathe kukhululukira gawo la ngongole kwa amene wamaliza zaka ziwiri zotere, monga America idachitira mu 2007 kwa ogwira ntchito zothandiza anthu kwa zaka khumi. Aphunzitsi a kumudzi boma lidawaganizirapo powapatsa kangachepe kowonjezera. Nzeru yake ndi yomweyo.

Pali chiopsezo chimodzi choyenera kuchinena mosabisa. Wachinyamata wongotuluka kumene ku Malawi Institute of Legal Education sadziwa zambiri, ndipo anthu osauka si oti aziphunzirirapo ntchito ngati mutu wa mwana wamasiye kwa wometa watsopano. Ndondomeko yotere popanda loya wamkulu woyang'anira, woona mafailo mwezi ndi mwezi ndi woyankha foni usiku, ingapweteke anthu omwewo. Ndipo zaka ziwiri zikatha, ambiri adzachoka ndithu. Zimenezo zisadabwitse munthu. Chofunika n'choti wina alowe m'malo mwake ofesi isanatsekedwe, mafailo asanadyedwe ndi chiswe. Wochokayo sapita chimanjamanja. Akadzakhala woweruza, phungu kapena mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, adzakhala akudziwa fungo la chitokosi ndi mtengo wa kabaza wa nthawi ya dzinja, ndipo akadzamva loya akupempha kuti mlandu uimitsidwe kachisanu, adzaona m'maganizo mwake banja limene lagulitsa mbuzi ina kuti lifike kubwalo.

Makolo a ku Dowa ndi Ntchisi amene mwana wawo wapeza malo a zamalamulo ali ndi mbali yawo. Ambiri amamuona ngati nkhokwe ya banja, ndipo mpomveka, pakuti adamulipirira ndi fodya ndi soya. Mwana wotere akanena kuti akufuna kuyamba ndi zaka ziwiri pa Mponela, pakhomo pamagwa chisoni ngati walephera mayeso. N'chifukwa chake malipiro a ndondomekoyi ayenera kukhala oti munthu angatumizeko kangachepe kumudzi osachita manyazi. Kudzipereka kopanda malipiro kumatheka kwa ana a anthu olemera okha, ndipo iwowo si amene amadziwa njira ya ku Chisepo.

Khonsolo ya Dowa singalipire loya, koma chipinda chimodzi chokhala ndi tebulo, loko ndi magetsi ingapeze. Mipingo, imene kudzera m'mabungwe monga CCJP ndi Church and Society yakhala ikuphunzitsa anthu za ufulu wawo kuyambira masiku a referendamu, ili ndi maholo ndi anthu odalirika m'mudzi uliwonse. Aphungu a m'maboma awiriwa amafunsidwa za mabokosi a maliro, milatho ndi makuponi. Pamsonkhano wotsatira wa chitukuko cha dera, wina angaimirire n'kufunsa kuti pa anthu onse a kwa Kayembe, Chakhaza ndi Dzoole amene ali pa rimandi lero, ndi angati amene adaonanapo ndi loya, ndipo phunguyo akachite chiyani ku Nyumba ya Malamulo pokambirana ndalama za Legal Aid Bureau m'bajeti ikubwerayi.